Opanga mapulogalamu a sayansi azifunsa kaye ophunzira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mapulogalamu a pakompyuta ophunzitsira ndi ochitira kafukufuku m'mayunivesite. Ndimathandiza ophunzira mu labu ya yunivesite ina kuno ku Johannesburg, ndipo tikakumana Amalawi ogwira ntchito yomweyi dandaulo limakhala limodzi: amene amapanga mapulogalamuwa sabwera kudzaona momwe timagwirira ntchito.

Pulogalamu ina yolembera zotsatira za zoyesa mu labu imafuna intaneti nthawi zonse. Magetsi akangothima, manambala onse amene wophunzira wakhala akulemba chim'mawire amafufutika, n'kuyambiranso. Imaoneka bwino pa kompyuta yaikulu ya muofesi, koma ophunzira ambiri amaitsegula pa foni ali mu minibasi, ndipo pafonipo batani losungira ntchito silioneka n'komwe. Woipangayo ndi katswiri ndithu, sindikukana. Koma akanangokhala nafe masana amodzi, zonsezi akanaziona yekha.

Njira yabwino ilipo kale, ndipo inagwirapo ntchito konkuno ku South Africa. Pulogalamu ya DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kwathu ku Malawi umasonkhanitsira manambala a m'zipatala, inachokera ku DHIS yomwe inayamba m'chigawo cha Western Cape m'zaka za m'ma 1990. Akatswiri a University of the Western Cape ndi a University of Oslo ankakhala pansi ndi anamwino komanso oyang'anira zipatala za m'maboma, kuwaonetsa pulogalamu isanathe, iwo n'kunena chosowa ndi chopanda ntchito, kenako n'kukakonza. Ankabwereza zimenezi kangapo. Nayo pulogalamu ya R, imene ophunzira masamu owerengera amaidalira padziko lonse, anaiyambitsa ndi aphunzitsi awiri, Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, ku University of Auckland, poganizira ophunzira awo omwe.

Ophunzira nawonso asamangong'ung'udza pakhonde. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alembe vutolo, atumize kwa opangawo.

Pempho langa likupita ku UNIMA, MUBAS, MUST ndi mayunivesite ena kwathu. Mukafuna kupanga kapena kugula pulogalamu, wophunzira wa chaka choyamba ndi wothandiza mu labu akhale nawo pa msonkhano woyamba, osati kudzawaitana pa tsiku loikhazikitsa. Aiyese pa foni yotchipa, bando itatha, magetsi atathima, ndipo akanena kuti sizikuyenda, ndalama isatuluke kaye.

Ine wowerenga wanu,
Braamfontein, Johannesburg