Usiku wa chisanu m'munda wa zipatso

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndilipo, tulo tokha ndiye tosowa. Munaseka pafoni paja nditati timayatsa mafani panja usiku kukuzizira. Si misala ayi, Amayi.

Mwachizolowezi, munthu akamakwera m'mwamba mpweya umanka nuzizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse. Koma usiku wopanda mitambo, kuli bata, zinthu zimatembenuka. Nthaka imataya msanga kutentha komwe inalandira masana, n'kuziziritsa mpweya wokhudzana nayo. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye umatsetsereka m'mapiri n'kudzadikha m'chigwa, wofunda uli pamwamba pake ngati chivundikiro pamphika. Tsoka lake, munda womwe ndimagwiramowu uli m'chigwa momwemo. Choyezera kutentha cha m'munsi mwa mitengo chimatha kuonetsa kuti madzi ayamba kuundana, pomwe cha pamwamba pa mlongoti chikuonetsa kuti kukadali kofundirako.

Mafaniwo ali pamwamba pa milongoti, mapiko ake aatali kuposa munthu, oweramira pansi pang'ono. Akamazungulira amakokera mpweya wofunda uja pansi kuti maluwa asapse ndi chisanu. Phokoso lake logonthetsa m'kutu! Koma kukabwera chimphepo chozizira chochokera kutali, akapitawo sayatsa n'komwe, poti m'mwambamo mumakhala mulibe chofunda choti n'kutsitsa.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi utsi. Utsi umakwera pokhapokha ukakhala wofunda kuposa mpweya wouzungulira. Mbandakucha mumauona ukuchoka pachumuni bwinobwino, kenako ukafika pampweya wofunda uja kuima pamalo amodzi n'kuyamba kuyenda chopingasa, chigwa chonse mbuu, maso kuyabwa, aliyense khosokhoso. Ku London mu Disembala 1952 mpweya unakhala chomwechi masiku 5, utsi wa malasha utasakanikirana ndi nkhungu. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 omwalira, pambuyo pake akatswiri anati mwina anafika 12,000. Izi n'zomwe zinachititsa kuti mu 1956 boma la Britain likhazikitse lamulo lochepetsa utsi m'mizinda.

Kwa ife zimatha dzuwa likatenthetsa nthaka. Mpweya wapansi umayamba kukwera n'kusakanikirana ndi wam'mwamba, apo timazimitsa mafani n'kukagona anzathu akudzuka. Ndiye mukaimba m'mawa ine osayankha, musade nkhawa, muziyesa madzulo.

Mundiperekere moni kwa Abambo ndi azilongo anga onse.

Ndine mwana wanu,
Yamikani