Ndine mzamba koma mtima wanga wauma

Alangizi,

Ndine namwino komanso mzamba pachipatala china cha boma chimene sindichitchula, chifukwa anzanga a kuntchito amawerenga tsamba lino. Ndikulemba pakati pa usiku popeza tulo sitibwera ngakhale tsiku limene ndili pa ofu.

Kutopa kunayamba ndi kolera wa 2022 ndi 2023, pamene tinkachotsedwa ku matenite kukathandiza odwala m'matenti, ndipo chiyambire pamenepo sindinapumepo mokwanira. Pa naiti ndimatsala ndekha ndi amayi odzaza wodi, ena atagona pansi, ndipo magetsi akazima ndimathandiza mayi kuchira ndi tochi ya foni yanga. Zikayenda bwino palibe woyamika, koma zikavuta magadiyani amati anamwino ndife ankhanza.

Mwina muona ngati n'zazing'ono, koma a inchaji athu amandiika naiti ya Khirisimasi chaka chilichonse, pamene mnzanga wina, amene anandipeza ine pantchito, ndiye amatumizidwa kumisonkhano ya ku Mponela yolandira alawansi. Ndalama za lokamu, zimene timalandira tikagwira ntchito nthawi yowonjezera, zimachedwa miyezi, chonsecho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 malipiro anga anasiya kufika pakati pa mwezi.

Chimene chikundiopsa si ndalamazo ayi. Masiku ano mayi akamalira ndi ululu, mumtima mwanga simumveka kanthu, ndipo mawu anga amatuluka okalipa. Ine sindinali wotere, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense wosiyidwa yekha chonchi akhoza kuuma. Amuna anga amati ntchitoyi ndinaisankha ndekha, mayi anga nawo amati ndiziyamika Mulungu popeza anamwino ambiri omaliza maphunziro angokhala pakhomo osalembedwa ntchito, komanso fizi ya mng'ono wanga ikudalira ine. Pali chimene ndayamba kumwa kuti ndigone, koma musandifunse kuti n'chiyani.

Kodi amenewa ndi matenda, kapena ndangosanduka munthu woipa? Ndikapita kwa anzathu oona za maganizo pachipatala pomwepa, kodi nkhani yanga sidzafika kwa akuluakulu mpaka kundilanditsa chiphaso? Ndisiye ntchito, nanga ana adya chiyani? Ndipo amuna angawa ndiwauze bwanji kuti amve kuti kutopa kwanga si ulesi?

Ine wothedwa nzeru,
Mzamba wa m'chigawo chapakati