Anthu akuda a ku America sagwirizana pa thandizo la boma

A Mkonzi,

Ambiri kuno timaganiza kuti anthu akuda onse a ku America amalankhula chimodzi pa nkhani ya thandizo la boma kwa osauka. Si choncho ayi. Ambiri amavoteradi chipani cha Democratic, koma mtsutso pakati pawo ndi wakale.

A Thomas Sowell, katswiri wakuda wa zachuma, amati ndondomeko zothandiza osauka zimene zinakula kuyambira 1964, mu ulamuliro wa a Lyndon Johnson, zinafooketsa mabanja n'kuzoloweretsa anthu kudikira boma. A William Julius Wilson, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, nawonso akuda, anaona gwero lina: mafakitale anatsekedwa m'mizinda ngati Chicago ndi Detroit, ntchito zinasowa, abambo opanda malipiro n'kulephera kusamalira mabanja. Ine ndikuima ndi a Wilson. Sungauze munthu kuti akalime pomwe munda analandidwa.

Mu 1996 pulezidenti Bill Clinton, wa chipani cha Democratic chomwecho, anasaina lamulo loti banja lisalandire ndalama za boma lalikulu la dziko lonse kupitirira zaka 5, ndiponso wolandirayo azigwira ntchito. Olandira anachepa kwambiri, koma umphawi sunachoke.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti thandizoli amalipaka nkhope ya munthu wakuda, chonsecho gulu lalikulu la olandira thandizo la chakudya ndi azungu. Komanso sindikugwirizana ndi amene amatukwana a Sowell ndi anzawo kuti anagulitsa mtundu wawo. Funso lawo loti thandizo limachita chiyani pa banja ndi lenileni, ndipo ifenso timalimva anthu akamakangana za Mtukula Pakhomo. Ayankhidwe ndi mfundo.

Wowerenga wanu,
Zomba