Kalata yotseguka kwa a Khansala a dera lathu

A Khansala,

Landirani moni. Makalata atatu ndasiya ku ofesi kwanu chaka chino, yankho zii, n'chifukwa chake iyi ndalemba poyera.

Loweruka lija, titatseka msewu ndi miyala kuti magalimoto aleke kutiwaza zonyansa za paipi yophulika m'makomo mwathu, munaima pagulu n'kunena pa Chingerezi kuti tikuchita "anarchy". Mawuwa andikhala pamtima. Ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri ndisanapume, choncho ndiloleni ndiwamasule. Ndi ochokera ku Chigiriki, kutanthauza "popanda wolamulira". Ambiri akawatchula amanena chipwirikiti, pamene wamphamvu amadyera wofooka popeza womuletsa palibe, zomwe Thomas Hobbes wa ku England analemba moopa mu 1651. Koma Pierre-Joseph Proudhon wa ku France, amene mu 1840 anadzitcha yekha ndi dzina limeneli, ankanena za anthu ogwirizana mwa kufuna kwawo, oyendetsa zinthu mwadongosolo popanda wowaimira ndi chikwapu.

Chipwirikiti chenichenicho bwerani mudzachione pa mjigo, bwana. M'mipopi munauma, ndiye mdzukulu wanga wa zaka 14 amadzuka 3 koloko m'bandakucha, zigubu ziwiri pa wilibala. Akafika amapeza anyamata atamanga mjigo ndi unyolo, akulipiritsa dola. Mjigo si wawo, koma awafunse ndani? Tsiku lina anamukankha, chigubu n'kung'ambika. Anafika pakhomo diresi ili chonyowa, bondo likuchucha magazi, osalira n'komwe, anangoti, "Agogo, madzi atayika." Ndinasowa chomuyankha. Zinyalala nazo zaunjikana pamsika, magetsi a mumsewu anazima kalekale, bilu yokha ndiyo siphonya mwezi.

Nanga ife amene munatinenawo ndife ndani? Makolo athu anachoka ku Nyasaland, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito mu Salisbury, womwe lero ndi mzinda wathu uno wa Harare. Kuno analibe mfumu, analibe manda a kumudzi, ndiye anayambitsa masosaiti a maliro. Mpaka lero timasonkha mwezi ndi mwezi, buku la ndalama limawerengedwa pamaso pa onse, maliro akagwa bokosi limagulidwa tsiku lomwelo, ndipo palibe wapolisi amatikakamiza. Laimu amene tinathira pa zonyansa zija anagulidwa ndi sosaiti yomweyo. Chipwirikiti chimasunga buku?

Musandimve molakwa, ine boma ndimalifuna. Sosaiti singakumbe paipi yaikulu pansi pa tala. Ulemu ndimakupatsani, voti yanganso ndinakupatsani. Koma paja pa kampeni, mutaima pansi pa mtengo wa pa sitolo, munati mjigo uliwonse udzakhala ndi komiti yosankhidwa ndi anthu. Ili kuti? Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno la Zimbabwe, ku Budiriro mu Harare muno anaika maliro mpaka kutopa, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View. Dzinja layandikira, ana akuponda madzi omwewo popita kusukulu.

Tumizani amisiri akonze paipi sabata ino isanathe. Unyolo uchoke pa mjigo, ndipo muitanitse msonkhano tisankhe komiti ija. Miyala tidzachotsa tokha tsiku limene msewu udzaume.

Ndine,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Harare