Kalata ya Abusa kwa Akulu Ampingo, Alaliki ndi Akhristu Onse

Okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Ndikulemba ndi mtima wosweka chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso anga pa mapemphero a kumlaga sabata yatha. Mbale wina anaimirira kulalikira, foni m'manja, Baibulo lili chitsekere patebulo. Mawu ake anali osalala ndithu. Kenako anati titsegule Miyambo mutu 32. Agogo ena amene anakhala pamphasa kutsogolo ananyowetsa chala, n'kuyamba kutembenuza masamba a Buku Lopatulika lawo long'ambika chikuto, kufunafuna mpaka nyimbo yotsekera. Miyambo imathera pa mutu 31. Titamufunsa mbaleyo pambali, anavomera kuti ulaliki wonse anamulembera ndi Meta AI, makina aja oyankha mafunso ndi kulembera anthu amene amapezeka pa WhatsApp.

Sindikudana ndi zipangizozi. Chibwerereni ChatGPT, makina ena otero, mu 2022, achinyamata athu ena alembera makalata ofunsira ntchito, ena akumvetsa masamu a MSCE amene ankawazunguza mutu. Zimenezo n'zabwino. Koma dziwani kuti makinawa amalumikiza mawu potengera zolembedwa zambirimbiri zimene anawadyetsa, zochuluka za m'Chingerezi. Akasowa yankho nthawi zambiri savomera kuti sakudziwa, amangopeka, ndipo bodzalo amalinena mosadodoma ngati choona. Sapemphera, sanagonepo pa maliro, sadziwa kuti mayi wakhala kumbuyo uja waika mwana mwezi watha.

Mlandu suli pa foni, uli pa ulesi wathu. Inu alaliki, munalonjeza pamaso pa mpingo kudyetsa nkhosa. Nanga bwanji mukuzipatsa chakudya chimene inu eni simunalaweko? Muli ndi nthawi yokhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa, ndalama ya bandulo simusowa, koma ola limodzi logwada ndi Mawu lakukanikani? Umenewu ndi ulesi, ndipo kuima pa guwa ndi mawu obwereka, n'kumati Ambuye andiuza, ndi bodza. "Uchite changu kudzionetsera kwa Mulungu wovomerezeka, wantchito wopanda chifukwa cha kuchita manyazi." (2 Timoteo 2:15) Nanunso akhristu munandimvetsa chisoni: pa anthu onse aja, ndi agogo okha amene anatsegula Baibulo. A ku Bereya, aja timawerenga m'buku la Machitidwe a Atumwi, ankasanthula m'malembo masiku onse.

Kuyambira Sabata ino, palibe wolalikira kuchokera pa foni, kaya m'tchalitchi, kumlaga kapena pa maliro. Alaliki onse tikumane Loweruka 9 koloko mmawa ku vesitile, aliyense ndi Baibulo, kope ndi cholembera. Amene sabwera tidzamuchotsa kaye pa ndandanda.

Komanso tapeza kuti mabanja ambiri alibe Baibulo m'nyumba. Banja lililonse lisonkhe K2,000 mwezi uno usanathe kuti tigule Mabaibulo oika m'milaga. Perekani kwa msungichuma pamanja, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mulandire lisiti. Amayi a Chigwirizano, chonde tikonzereni tiyi wa Lowerukalo.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.