Tadala, Thadzi Lako Laikira M'chisoti cha Mlendo

Mdzukulu wanga Tadala,

Uli bwanji kumeneko ku Johannesburg? Kuno tili bwino, kupatula bondo la agogo ako aamuna lija. Amayi ako akuti Loweruka ukwanitsa zaka 7. Mano akutsogolo aja amera? Ndikanakhala pafupi ndikanakukazingira zitumbuwa, koma poti uli kutali, landira nkhani.

Sabata yatha chakumadzulo kunada bii mbali ya ku Mchinji, kenako mvula inakhuthuka, malata kulira moti sitinkamvana. Ndikuthamangira kukaanula ufa, ndinangoona munthu ataima pansi pa mtengo wa mango uja, atagwira njinga yolemedwa ndi zikwama uku ndi uku, madzi ali chuchuchu. Ndinamukodola msanga. Kukamachita ziphaliwali sabisala pansi pa mtengo, wamva? Iwenso usadzayerekeze.

Anali mtsikana wa ku Scotland, ndipo amalume ako ndiwo ankamasulira. Akuti wachokera ku Cairo, ku Egypt, dziko la Farao lija munaphunzira ku Sande sukulu, ndipo akupita ku Cape Town. Ndi m'dziko lomwe ukukhalalo, koma kumapeto kwenikweni, kunyanja. Msewu wonsewo ndi makilomita pafupifupi 12,000, iye akungopalasa! Ku Sudan kokha anadumphako pa ndege chifukwa cha nkhondo imene inabuka mu 2023. Kwathu kuno analowera pa Songwe, nadutsa ku Karonga, ndipo pa chitunda cha Chiweta akuti anatsika n'kumakankha. Agogo ako amaganiza kuti wasiyidwa ndi anzake a Tour d'Afrique, apanjinga aja amadutsa pamsewu wathu ali chigulu popita ku Chipata, koma ayi, uyu akuyenda yekhayekha.

Ndinamufunsa kuti akudzizunziranji. Akuti anthu akwawo amaona pa intaneti pamene wafika, ndiye amasonkha ndalama zokumbira mijigo m'midzi yosowa madzi. Akapalasa kwambiri, iwonso amasonkha kwambiri. Ine ndinati bwanji osangopereka ndalamazo mwanayu ali kunyumba? Amalume ako anangoseka. Komabe madzi ndi nkhani yaikulu. Amayi ako ali ngati iweyo tinkatunga kudambo, ndipo m'mimba simunkatha pakhomo pano.

Ankafuna kukhoma tenti yake pabwalo. Pamatope paja? Ndinakana. Tinamuyalira mphasa pabalaza, ndinamufunditsa chitenje, n'kumuphikira nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera. Kutema mbamu amatha ndithu, akuti anazolowera ku Tanzania. Anamaliza mitanda itatu, mtsikana wowonda chonchija!

Tsono tamvera za thadzi lako lamawangamawanga. Mlendoyo anasiya chisoti chake chapanjinga pakhonde, chogadama, kuti chiume. M'mamawa ndikusesa ndinaliona likuchizungulira. Linasuzumiramo ndi diso lakumanja, n'kutembenuka, kusuzumiranso ndi lakumanzere. Linajompha kachingwe komangira pachibwano, mwina poyesa nyongolotsi. Kenako linaponda mwendo umodzi, chisoti n'kugwedezeka, ilo n'kudumpha ndi mantha. Ukuganiza kuti linathawa? Linabweranso, linalowamo lonse, linadzisunthasuntha mpaka kukhazikika bwinobwino, mchira uli panja. Tambala anaima poteropo ngati mlonda wapageti. Mlendo wamanga kale katundu, wapopa matayala, wathira mafuta pa tcheni, koma chisoti chili ndi mwini wake! Ndinatenga tsache kuti ndiliingitse, iye anandigwira mkono, akuti tilidikire. Tinakhala pansi tonse kumwa tiyi, maso ali pankhuku. Patapita kanthawi linadzuka n'kuyamba kutetera mudzi wonse kumva, ndipo m'chisotimo munali dzira lofunda. Mtsikanayo anaseka mpaka misozi, analijambula pafoni kambirimbiri.

Dziralo ndinamuwiritsira, n'kuwonjezera mtedza wokazinga ndi mondokwa, akhale kamba wapaulendo. Anatulutsa ndalama, agogo ako anakana kwamtuwagalu. Kodi mlendo amalipira nsima? Anati akaziponye ku mijigo komweko. Tinamuperekeza mpaka pamsewu, anyamata a kabaza akumuimbira mabelu.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndimaganiza za amayi ake, kuti amagona bwanji mwana wawo ali pamsewu wa mathiraki, osadziwa kumene agone mawa. Paja bambo ako akuti akugulira njinga ya tsiku lako lobadwa? Uzipalasa m'kati mwa mpanda mokha, ndipo chisoti chizikhala kumutu. Kusukulu uli ndi anzako angati? Chichewa ukuyankhulabe? Nanga kuzizira kwa kumeneko kwayamba? Uwauze amayi ako akugulire juzi yaikuluko, ukukula msanga iwe.

Undijambulire chithunzi cha njinga yakoyo ndi makrayoni, amayi ako anditumizire pa WhatsApp ya amalume ako. Uwafunsenso ngati Khirisimasi ino mubwera.

Ndine agogo ako aakazi,
ku Namitete