Zikomo kwa Sisitala amene anandifunsa ngati ndadya

Kwa Mkulu wa Anamwino,
Chipatala cha amayi apakati cha m'dera lathu,
Johannesburg.

Mayi Mkulu,

Ndine mmodzi mwa amayi a ku Malawi amene timabwera ku sikelo pachipatala chanu. Makalata sindilembalemba, ndipo ndikanati ndigwire cholembera miyezi yapitayi, mukanalandira dandaulo. Lero ndikuthokoza, makamaka chifukwa cha Sisitala mmodzi amene dzina lake sinditchula, mwina sangakonde. Mumudziwa ndithu, ndi wachikulire uja wa magalasi a chingwe m'khosi.

Mumve kaye kumene ndachokera. Sikelo ndinayambira kwina, tisanasamuke. Kumeneko timafika kusanache n'kukafola pageti, mphepo ya Joni ya mu June ikulowa mpaka m'mafupa. Funso loyamba linali la mapepala, za m'thupi pambuyo. Ukangotsegula pakamwa n'kumveka kuti Chizulu chako n'chothyokathyoka, nkhope ya wolandira makadi inkasintha pomwepo. Chonsechotu khoti lalikulu la kuno ku Gauteng linagamula mu April 2023 kuti mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wosakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, posayang'ana kumene achokera. Pamageti ena chigamulocho chikuoneka kuti chidakali m'njira.

Koma zapageti ndinkapirira. Chinkandiwawa ndi nthawi yoyezedwa thupi. Ankatiyezera pakhonde, anthu onse akuona, ndipo woyezayo ankakuwa nambala kuti mnzake wa mkati alembe. Tsiku lina nditakwera anawonjezera kuti, "Ameneyu akudyera mudzi wonse." Benchi yonse inafa ndi phwete. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Misozi inadzatuluka ndili mu tekisi.

Kwina konse thupi langa linali nkhani. Ndikatumiza chithunzi kumudzi ku Ntcheu, azakhali ankati, "Ee, Joni yakukonda mwana iwe, taonani masayawo!" Iwo kumeneko kunali kuyamikira. Apongozi ankatumiza zina: ndichepetse kudya, mwana angakule n'kukandichita opaleshoni, ndipo mazira ndisayerekeze, angabadwe wopanda tsitsi. Kunyumba komwe ndimachapa ndi kusita, mabatani a yunifolomu anasiya kukumana, ndipo abwana ankayamba ayang'ana mabataniwo asanandipatse moni. Mphuno inafutukuka, khosi linada, pamimba panatuluka mizere. Nsima yamasana ndinaisiya, n'kumangomwa tiyi. Njala ikandipota ndinkatafuna dothi lija amagulitsa m'timapepala pamsewu. Bambo a kunyumba sankadziwa.

Ndiye pobwera kwa inu ndinali nditalimbitsa kale mtima. Jekete ndinamusiyira mnzanga panja kuti nambala itsikeko. Za mawindo ndi makadi sindikumbukira bwino, ndinangoloza uku, kulozeredwa uko, mpaka ndinapezeka m'chipinda cha Sisitala.

Choyamba anatseka katani. Ataona kuti ndikulephera kuwerama, anakoka mpando kuti ndikhale, iye n'kugwada kundimasula zingwe za nsapato. Mayi wamkulu, woti n'kundibereka ine! Nditakwera pa sikelo sanatchule nambala. Anailemba pakhadi n'kunditembenuzira kuti ndiwerenge ndekha. Kenaka anandikulunga tepi pamkono, akundiuza kuti ukachepera masentimita 23 ndiye kuti mayi sakudya mokwanira, ukafika 33 kunenepa kwapyola. Wanga unali pakatikati. Anandikoka chikope, n'kukhala chete pang'ono. Atatero anafunsa motsitsa mawu, m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve: "Mama, lero mwadya chiyani?" Ndinati tiyi. "Nanga dzulo?" Ndinangoyang'ana pansi.

Ndinadikira kukalipiridwa, koma ayi. Anatenga envelopu yakale, kuseri kwake n'kujambula mayi wapakati, chithunzi chokhotakhota moti tonse tinaseka. Ndiye anayamba kuwagawa makilogalamu aja. Mwana pobadwa amakhala 3 kapena 3 ndi theka. Nsengwa imaposa theka la kilogalamu. Madzi omwe mwana amakhalamo ndi pafupifupi imodzi, chiberekero nachonso chimodzimodzi. Magazi m'thupi amawonjezeka pafupifupi ndi theka, mawere amalemera, ndipo mafuta ena thupi limasunga dala, podziwa kuti kutsogoloku kuli kuyamwitsa. Anati mayi amene anatenga pakati ali ndi thupi lapakatikati ngati langa amayenera kuwonjezera makilogalamu 11 ndi theka mpaka 16, wowonda kwambiri mpaka 18, pomwe amene anali wonenepa kale kwambiri ndi 5 mpaka 9 basi. Miyezi itatu yoyamba sipasintha zambiri, kenaka pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Ine pa miyezi isanu ndi iwiri ndinali nditawonjezera 8. Ndinafufuza pa envelopu ponsepo, gawo la mudzi wonse uja sindinalione.

Sanandilembere zakudya za m'mashopu odula. Anandifunsa zomwe timadya kwathu. Nditatchula nyemba, nkhwani wotendera ndi usipa umene amatibweretsera anyamata a mabasi, anati ndipitirize zomwezo, ndisadumphe chakudya, koma si kuti ndizidya mbale ziwiri ayi, kungowonjezerako pang'ono. Mazira anati ndidye, bola apse bwino. Dothi ndinaliulula ndekha, chifukwa pofika apa ndinali nditamasuka. Anati chilakolako chimenecho kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi, ndipo dothilo limatsekereza thupi kupindula ndi mapilisi a magazi aja. Tiyi nayenso ndi choncho, mapilisiwo ndisamamwere tiyi. Miyezi yonseyi ndinkangopatsidwa kapaketi, palibe anandiuzapo zimenezi. Anandiuzanso kulemera komwe kuli koopsadi: thupi kukwera mwadzidzidzi, nkhope ndi manja kutupa, mutu waukulu, maso kuchita chidima. Zikatero ndisadikire tsiku la pakhadi, ndithamange, chifukwa kungakhale kuthamanga kwa magazi.

Ndikuvala nsapato ndinafunsa mwamanyazi za mizere ya pamimba. Anadzigwira pamimba pake n'kunena kuti nayenso ali nayo ya ana ake, imazilala yokha pakapita nthawi, ndipo ndalama za mafuta odula aja ndikagulire mazira. Anandilembetsanso pa MomConnect, ndondomeko yotumiza malangizo kwa amayi apakati, kuti mauthenga azindipeza pafoni.

Envelopuyo ndinaijambula n'kutumiza kwa apongozi. Anangoyankha kuti, "Za masiku ano," koma za mazira sanazitchulenso. Bambo a kunyumba atamva za tiyi uja anakhumudwa, tsopano amaimba foni masana kufunsa ngati nsima yalowa.

Sindinganame kuti aliyense panu ali ngati Sisitalayu. Pawindo lina pali munthu amene moni amauona ngati ngongole yoti akabweza asauka. Ndikudziwa kuti ntchito ndi yambiri, mzere ndinauona ndi maso anga. Koma Sisitala ankathandiza mzere womwewo, ndipo amene anandilowa m'malo nayenso anamutsekera katani.

Pempho langa ndi lakuti kalatayi muiike m'fayilo yake, aionenso amene amaona za kukweza anthu pantchito. Ndipo mukadzakumana ndi akuluakulu anzanu a zipatala zina zija, muwapemphe achotse sikelo pakhonde.

Ine wanu,
Mayi woyembekezera wa ku Ntcheu, wokhala kumwera kwa Johannesburg